Chimbale cha Woimba Ng'oma Chimene Chinakadindidwanso Kunja

Ndikudziwa kuti ena mwachokera ku Vubwi kufupi ndi malire, ena ku Sinda, ena kuno ku Katete komwe, ndipo mwasiya ntchito m'minda ndi m'misika kuti tidzakhale pamodzi. Ndiyesetsa kuti ulendo wanu usapite pachabe.

Lero ndabwera ndi nkhani ya chimbale chimodzi chokha. Dzina lake ndi My Ancestors, ndipo mwini wake ndi Chrissy Zebby Tembo, amene ankaimba ng'oma m'gulu la Ngozi Family. Chimbalechi chinatuluka m'zaka za m'ma 1970, chinamveka, kenako chinasowa. Patapita zaka zoposa 30 chinadindidwanso pa mbale yakuda ya galamafoni, koma osati ku Ndola kapena ku Lusaka. Chinadindidwa ku Germany ndi ku America. Ndikamba mfundo zinayi. Yoyamba, gululi ndi nthawi imene linaimba. Yachiwiri, chifukwa chake chimbale cha woimba ng'oma chili chamtengo. Yachitatu, mmene chinasowera ndi mmene chinabwerera. Yachinayi, ntchito imene yatsalira ife a kuno kummawa.

Mfundo yoyamba: gulu ndi nthawi yake.

Dziko lathu la Zambia litalandira ufulu mu 1964, mkuwa unali ndi mtengo, ndipo m'matauni a ku migodi ndi mu Lusaka munali ndalama zogulira magitala, zokuzira mawu ndi ng'oma za chizungu. Anyamata ankamvera Jimi Hendrix, Rolling Stones, Deep Purple ndi James Brown. Poyamba ankangotsanzira, koma posakhalitsa anayamba kupeka zawo, n'kuikamo kagundidwe ka kwawo ndi zilankhulo za makolo awo. Nyimbo zimenezo ndi zimene lero dziko lonse likuzitchula kuti Zamrock. Panali Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, panali WITCH ya Emmanuel Jagari Chanda, panali Amanaz imene inatulutsa chimbale cha Africa mu 1975. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia. Lamulo limenelo linatsegula njira. Wailesi inkafuna nyimbo, Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ku Ndola ankafuna magulu oti awajambulitse, ndipo kampani ya Teal, ku Ndola komweko, inkadinda mbale.

Ngozi Family inabadwa m'nyengo imeneyo. Mtsogoleri wake anali Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Dobson Nyirongo, amene anabadwa mu 1949 n'kukulira ku Chibolya mu Lusaka. Pa ng'oma panali Chrissy Zebby Tembo, pa gitala ya besi panali Tommy Mwale. Tamvani mainawo: Nyirongo, Tembo, Mwale. Si maina achilendo kuno kummawa. Gululi linatulutsa Day of Judgement mu 1976 ndi 45,000 Volts mu 1977, ndipo Paul ankaimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja za moyo wa m'makomboni, za umphawi, za miseche, za mabanja.

Akuluakulu amene muli muno mukukumbukira mmene nyimbo zotere zinkafikira kumudzi. Zinkabwera pa wailesi, ndiponso zinkabwera m'masutikesi a abale athu ochokera ku migodi ndi ku Lusaka, pa basi yotsika ndi msewu wa Great East. Munthu ankabwera ndi galamafoni ya mabatire ndi mbale zingapo, ndipo madzulo ake pakhomo pamenepo panalibe pokhala. Ndiye ndikamakamba za mbale zimenezi, sindikukamba za zinthu za m'tauni zokha. Zinafika m'midzi mwathu muno, ndipo ndikukhulupirira kuti zina zikadalimo.

Mfundo yachiwiri, imene ndikufuna tikhalitsepo: chifukwa chake chimbale cha woimba ng'oma chili chamtengo.

M'gulu lililonse la nyimbo muli woima kutsogolo ndi wokhala kumbuyo. Wakutsogolo ndiye amagwira maikolofoni, ndiye amajambulidwa pa chikuto, ndiye dzina lake limatchulidwa pa wailesi. Woimba ng'oma amakhala kumbuyo, pampando, nthawi zina nkhope yake yobisika ndi ng'oma zake zomwe. Akalakwitsa, aliyense amamva. Akaimba bwino, anthu amayamika wa gitala. Paul Ngozi anali munthu wokoka maso, gitala yake inkalira ngati ikung'ambika, ndipo kunali kosavuta kuti Ngozi Family ikhale Paul yekha m'maganizo a anthu.

Pa My Ancestors anasinthana malo. Tembo ndiye anatsogolera kuimba, ng'oma akugundabe yekha, ndipo Paul Ngozi, amene gulu linkatchedwa ndi dzina lake, anabwerera m'mbuyo n'kumuimbira mnzake gitala. Pa chikuto dzina loyamba linali la Tembo, la gulu linabwera pambuyo. Oimba amachita zimenezi nthawi zina. Munthu amakhalabe m'gulu lake, koma amatulutsa chimbale chapambali choti anenepo zimene m'gulumo alibe malo ozinenera. Kawirikawiri zimbale zapambali zimaiwalika msanga, chifukwa kampani siziikira mtima ndipo ogula amafuna dzina lalikulu. Ichi sichinaiwalike, ndipo ndikuuzani chifukwa chake mmene ine ndimachimvera.

Mawu a Tembo si a munthu wofuna kudzionetsa. Amaimba mosakuwa, mosathamanga, ngati akukuuzani nkhani mutakhala naye pakhonde. Pansi pa mawuwo ng'oma zake zikuyenda mosagwedezeka, ndipo gitala ya Paul, yaukali ndi yamakani monga mwa nthawi zonse, imalowa pamene yapatsidwa mpata n'kutulukanso. Kusiyana kumeneko, kwa mawu odekha ndi gitala yolusa, ndiko kumapangitsa chimbalechi kukhala chake chake. Maina a nyimbo zakenso akutiuza amene mtima wake unali nawo. Muli nyimbo yotchedwa Coffin Maker, ya wokhoma mabokosi a maliro. Muli Fisherman, ya msodzi. Muli Trouble Maker, ya munthu woyambitsa ndewu. Ndipo chimbale chonse anachipatsa dzina lokumbukira makolo. Mnyamata wa m'tauni, wogunda ng'oma za chizungu, woimba m'Chingerezi, atapatsidwa mpata wolankhula yekha anasankha kutchula makolo ake ndi anthu a ntchito za manja. Ine zimenezo zimandigwira mtima nthawi zonse.

Ife Achewa sitiyenera kuuzidwa ndi munthu kufunika kwa woimba ng'oma. Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti timasonkhana ku Mkaika pa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi, pamodzi ndi abale athu a ku Malawi ndi ku Mozambique. Maso a khamu lonse amakhala pa gule, ndipo n'zoyenera. Koma funsani wodziwa, akuuzani kuti wa mbalule akasokoneza, mapazi nawonso asokonezeka, ndipo wa mpanje akafooka, bwalo lonse lizizira. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo tinanyadira. Tsono ndikufunseni. Mwa oimba ng'oma otchuka a m'dera la mfumu Kawaza, la mfumu Mbang'ombe, la mfumu Pembamoyo, amene anatisangalatsa zaka 40 zapitazo, ndi angati amene maina awo analembedwa penapake? Ndi angati amene kagundidwe kawo tingakamvenso lero? Mutu umodzi susenza denga, timatero, koma denga likakwera timakumbukira mwini nyumba yekha.

Tembo tikumudziwa lero chifukwa cha zinthu ziwiri. Mnzake anamupatsa malo akutsogolo, ndipo dzina lake linalembedwa pa chikuto. Ndibwereze, chifukwa nkhani yanga yonse yagona pamenepa: anapatsidwa malo, ndipo dzina linalembedwa.

Mfundo yachitatu: mmene chimbalechi chinasowera ndi mmene chinabwerera.

Kusowa kwake sikunachedwe. Mtengo wa mkuwa unagwa cha mu 1975, mafuta anakwera, ndalama za anthu zinachepa. Kumapeto kwa zaka zimenezo, asilikali a Rhodesia ankaponya mabomba m'dziko muno, boma linaletsa kuyenda usiku, ndipo magulu amene ankadyera kuimba usiku anasowa pogwira. Disiko inabwera, kenako kalindula inatenga mitima ya anthu. Makaseti otengera mwakuba anapha malonda a mbale. Pamwamba pa zonsezi panabwera Edzi, imene inatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo ali pakati pa moyo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40. Ku Kabwata mu Lusaka kuli msewu wa dzina lake, koma mbale zake zinasowa m'masitolo, ndipo makina odindira mbale ku Ndola analeka kulira.

Kuti mumvetse kukula kwa tsokali, ndifotokoze pang'ono mmene mbale imapangidwira. Gulu likaimba mu situdiyo, mawu amasungidwa pa tepi yoyamba, imene mbale zonse zimachokerapo. Kuchokera pa tepiyo, makina amajoba kamzere kozungulira pa mbale yofewa. Pa mbale yofewayo amaumbirapo chidindo chachitsulo, ndipo chidindocho chimapanikiza pulasitiki wotentha n'kutulutsa mbale zambirimbiri zofanana. Mbale yaikulu ndi ya masentimita 30, imazungulira ka 33 pa mphindi, ndipo mbali iliyonse imatenga nyimbo za mphindi pafupifupi 20. Singano ikamayenda m'kamzere kaja imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako ndiko kumasanduka mawu. Tepi yoyamba ija ili ngati chimanga cha mbewu chimene amayi athu amapachika pamwamba pa moto kuti anankafumbwe asachigwire. Chakudya chikatha, mbewu ikakhalapo, mudzalimanso. Matepi ambiri a Zamrock sanasungidwe. Mbewu inatayika.

Ndiye odindanso anachita bwanji? Kwa zimbale zambiri anafunafuna mbale yakale yosakandika kwambiri, imene wina anaisunga bwino m'nyumba mwake, n'kutengapo mawu, n'kuwayeretsa pa kompyuta, n'kupanga chidindo chatsopano. Taganizani pamenepo. Nyimbo zimene lero zikumveka ku Tokyo ndi ku London, zina mwa izo zinapulumuka chifukwa munthu mmodzi wosadziwika sanataye mbale yake posamuka.

Amene anadindanso My Ancestors ndi kampani ya Shadoks Music ya ku Germany, ndiponso Mississippi Records ya ku America. Ntchito yaikulu yofufuza mbiri ya Zamrock inagwiridwa ndi Now-Again Records ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt, amene amadziwika kuti Egon. Iwo anatulutsanso nyimbo za Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya mu 2010, za WITCH mu 2012, Day of Judgement ya Ngozi Family mu 2014, ndi zimbale ziwiri zosonkhanitsa magulu ambiri zotchedwa Welcome to Zamrock mu 2017. Anafunsa oimba otsala ndi moyo, anasonkhanitsa zithunzi, analemba timabuku toika m'zikuto. Anapezanso ogula, chifukwa mbale zakuda zinali zitabwerera pa msika. Ku America, mu 2022, mbale zimene zinagulidwa zinaposa ma CD koyamba chichokereni 1987.

Zotsatira zake mwina ana athu mukuzidziwa kuposa ife. WITCH inadzukanso, Jagari Chanda anayamba kuimba m'maiko akunja, ndipo mu 2023 anatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango. Sampa the Great, mwana wa m'dziko muno, anatamanda m'badwo wa Zamrock m'nyimbo zake za mu 2022. Ndipo mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga chigawo cha nyimbo ya Ngozi Family yotchedwa Nizakupanga Ngozi n'kuchiika m'nyimbo yake ya Noid, pa chimbale chimene chinakhala choyamba pa malonda ku America. Achinyamata mamiliyoni anamva mawu a Chinyanja, chilankhulo chimene tikulankhula pano, osadziwa n'komwe kumene Katete ali.

Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Alendo amenewa ndimawayamika, ndipo ndikunena kuchokera pansi pa mtima. Akanapanda iwo, dzina la Tembo likanatsala m'kamwa mwa nkhalamba zochepa. Koma kalumo ka mlendo kamapita ndi mwini wake. Mbale yodindidwa ku Germany kapena ku America, mukaphatikiza ndi ndalama yotumizira, mtengo wake ungagule matumba angapo a chimanga. Ngakhale mutaigula, muimvera pa chiyani, pamene magalamafoni athu anachita dzimbiri kalekale? Timabuku tofotokoza mbiri tili m'Chingerezi, tolembera owerenga a kunja. Chimbale chinauka, inde, koma chinaukira kutali. Mnyamata wa ku Berlin angakuuzeni amene anaimba besi pa My Ancestors, pamene mnyamata wa ku Sinda sanamvepo dzina la Chrissy Zebby Tembo. Zimenezi zimandipweteka, ndipo mlandu wake si wa mlendo.

Aka si koyamba. Hugh Tracey anayenda m'maiko a kuno m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 akujambula nyimbo za m'midzi, za Achewa zomwe, ndipo mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music, imene lero ili ku Rhodes University ku South Africa. Mawu a agogo athu ali kumeneko, osungidwa bwino. Kawiri konse wosunga wakhala wochokera kunja.

Mfundo yachinayi: ntchito imene yatsalira ife.

Yambani ndi m'nyumba mwanu. Tsegulani masutikesi a malemu, yang'anani pansi pa mabedi ndi m'makabati. Mukapeza mbale, musaipereke kwa ana kuti aziseweretsa, ndipo musaiike padzuwa kapena pafupi ndi moto, chifukwa imapindika ndipo yopindika imavuta kuwongola. Muziimiritsa chilili, osati kuzisanjikiza. Muzigwira m'mphepete, zala zisakhudze timizere. Ngati ili ndi fumbi, ipukuteni ndi kansalu kofewa konyowa ndi madzi oyera, motsatira mizere, pepala la pakati lisanyowe. Palafini ndi sopo wochapira ayi. Chikuto chake, ngakhale chitang'ambika, musachitaye, pakuti pamenepo ndi pamene pali maina a oimba, situdiyo ndi chaka. Nthawi zina chikuto chimaphunzitsa zambiri kuposa mbale yomwe.

Pakabwera munthu wofuna kugula, musathamange. Mbale zoyambirira za Zamrock zimafunidwa kwambiri ndi osonkhanitsa a kunja, ndipo wogula amadziwa mtengo wake pamene inu simukuudziwa. Funsani kaye. Ngati mwaganiza zogulitsa, ndi ufulu wanu, koma jambulani chikuto mbali zonse ziwiri ndi foni, ndipo pezani njira yoti nyimbozo zitengedwe zitsale kuno.

Inu a pa wailesi, a Mphangwe kuno ku Katete, a Breeze FM ku Chipata ndi ena, muli ndi mphamvu imene kampani ya ku Los Angeles ilibe. Mawu anu amafika ku Vubwi madzulo amodzi. Patulani ola limodzi pa sabata la nyimbo zakalezi. Mukaika nyimbo, musangoti iyi ndi ya Ngozi Family. Nenani kuti pa ng'oma pali Tembo, pa besi pali Mwale, pa gitala pali Nyirongo. Pemphani omvera aimbe foni anene kumene anaimvera koyamba, ndipo zimene anenazo muzisunge, chifukwa imeneyo ndiyo mbiri imene timabuku ta kunja tilibe.

Pali nkhani ya ndalama imene mabanja a oimba ayenera kuidziwa. Lamulo la m'dziko muno la 1994 loteteza ntchito za opeka limanena kuti umwini wa nyimbo umakhala wa wopeka moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira. Ndiye kuti nyimbo zimene Paul Ngozi anapeka zili ndi eni ake mpaka 2039. Wofuna kudindanso chimbale, kapena kutenga chigawo cha nyimbo, ayenera kupempha ndi kulipira. Kuli bungwe la ZAMCOPS lotolera ndalama za oimba. Ngati m'banja mwanu munali woimba amene anajambulitsa, ngakhale kambale kamodzi kakang'ono, sungani pepala lililonse limene anasiya, ndipo musasaine chinthu chimene simunachimvetse.

Kwa inu aphunzitsi ndi ana a sukulu ndasungira ntchito yaikulu. Foni imene ili m'thumba mwanu imajambula mawu bwino kuposa makina amene Hugh Tracey ankanyamula pa galimoto. M'mudzi mwanu muli agogo amene amadziwa kagundidwe ka chimtali, ka chinamwali, kamene achinyamata sakukaphunzira. Muli wosema ng'oma amene amadziwa mtengo woyenera, chikopa choyenera, ndi phula loika pakati. Pitani mukawajambule. Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi, ndipo mafumu ali pano andichitira umboni: za kudambwe ndi za kudambwe, za kutsimba ndi za kutsimba, sindikukutumani kukaulula mwambo. Yambani mwapempha kwa mfumu ndi kwa anamkungwi, ndipo chimene akaniza chisiyeni. Koma chimene chimaimbidwa pabwalo, anthu onse akuona, chimenecho jambulani. Mpatseni woimba ng'omayo malo akutsogolo, aimbe yekha, afotokoze yekha amene anamuphunzitsa. Ndipo lembani dzina. Ndabwerezanso: mpatseni malo, lembani dzina.

Pa chojambula chilichonse lembani zinthu zisanu: dzina la woimba ndi mfunda wake, mudzi, mfumu ya dera, tsiku, ndi dzina la ng'oma kapena nyimbo. Musazisiye mu foni imodzi, chifukwa foni imagwera m'madzi ndipo imabedwa. Ikani pa kompyuta ya sukulu, perekani zina ku wailesi, ndipo zina zibwerere kwa woimbayo ndi banja lake. Sukulu iliyonse imene yaimiridwa muno itajambula anthu awiri okha chaka chino mvula isanagwe, pofika Kulamba ya chaka cha mawa tidzakhala ndi zokwanira kudzaza chimbale chathu, chokhala ndi maina onse pa chikuto.

Amene mukufuna kumva My Ancestors musachoke msanga tikatseka. Tiika mbali yoyamba yonse pa zokuzira mawu, ndipo ndikupemphani kuti makutu anu akhale pa ng'oma.